Siga yakuda imene ndinayatsa pabwalo la Che Mbwana

Chimene chinandichotsa kumudzi ndi kambale ka usipa. Ndinali mkamwini kwawo kwa mkazi wanga, kumtunda pang'ono kwa Malindi, ndipo ntchito yanga inali yokoka khoka la munthu wina. Tsiku limenelo tinakoka kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kufika paliwombo, koma pogawana, gawo langa linangokwana kambale kamodzi. Pofika pakhomo ndinapeza Che Mbwana, amjomba ake a mkazi wanga, ndiye kuti malume ake, atakhala pakhonde akusoka mphasa. Anasuzumira m'mbale muja, kenaka anandiyang'ana ine.

"Akamwini, zimenezi mwabweretsera banja kapena mphaka?"

Sananene mwaukali ayi. Che Mbwana anali munthu wanthabwala, woseketsa anthu ngakhale pa sadaka. Koma ine ndinali mnyamata wa mtima wapachala, ndipo mawu aja anandikhala pakhosi tsiku lonse. Ndinauza mkazi wanga, Abiti Jafali, kuti ndikupita ku Halale. Ndikagwira zaka ziwiri basi, ndidzabwera ndi ndalama za bwato la matabwa ndi khoka langalanga, ndiye tidzaone ngati wina adzatchulenso za mphaka. Iye anali akuyamwitsa Halima, mwana wathu woyamba, amene anali atangoyamba kukwawa. Sanalire. Anangoti, "Onse opita ku Halale amati ziwiri." Che Mbwana atamva anapukusa mutu, nati akale sananame kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kutereka. Ine ndinalumbira pamaso pawo kuti sindidzatchona. Amayi anga ku Chowe anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndipeze poyambira, ndipo ndinanyamuka ndi bulangete limodzi.

Masiku ano ndimawamba nsomba. Ndimakhala pauvuni, maso ali psuu ndi utsi, ndipo anthu akamva kuti ndinakhalako ku Halale amafuna ndiwauze za misewu ya magetsi ndi nyumba zosanja. Ndimawauza zimenezo chifukwa ndi zosavuta kunena. Zimene sindinena ndi izi ndikulembazi.

Chaka choyamba ndinali wothirira maluwa panyumba ya mzungu wina. Ndinkagona m'kachipinda kuseri, khoma limodzi ndi agalu. Abale, kusungulumwa m'tauni ya eni ndi matenda. Umadzuka osalankhula ndi munthu, kugona osalankhula ndi munthu, mpaka umayamba kupereka moni kwa mpopi wa madzi kuti umve ngati mawu ako akadalipo. Lamlungu ndinkayenda wapansi kupita ku lokeshoni kumene kunali amuna akwathu, ena a ku Namwera, ena a ku Makanjira. Tinkalankhula Chiyao mpaka nsagwada kuwawa, tinkapemphera limodzi m'kanyumba ka malata, ndipo mwezi wa Ramazani ukaoneka ankatumiza uthenga kwa tonse a m'mayadi kuti tiyambe kufunga, ndiko kusala kwathu Asilamu. Ndalama zinali zochepa koma ndinkatumiza. Munthu akamabwerera kumudzi ndinkamupatsira kangachepe ndi nsalu, ndipo kalata yoyankha inkabwera italembedwa ndi mphunzitsi wa ku mishoni: talandira, Halima wayamba kuyenda, Halima wayamba kutchula baba.

Kenaka ndinapeza ntchito yosesa m'sitolo ya fodya pakati pa tauni. Mwini wake anali Mgiriki wokalamba amene tonse tinkamutcha Bwana Kosta. M'sitolomo munali ndudu wamba ndi makaliwo, koma chuma chenicheni chinali kukachipinda ka kumbuyo, m'mabokosi a mkungudza: masiga, ndudu zikuluzikulu zija zokulungidwa ndi tsamba la fodya lenileni m'malo mwa pepala. Imodzi yokha inkaposa malipiro anga a sabata. Nthawi imeneyo katundu wakunja sankalowa m'dzikomo mwaufulu, choncho masiga ankabwera mobisa ndi anthu a malole, ndipo ambiri anali achinyengo. Ankatenga zinyalala za fodya, kuzikulunga, kudetsa tsamba lakunja ndi khofi, n'kumata kalamba kagolide. Bwana Kosta anali atachitidwa opaleshoni ya pakhosi. Dokotala anamuletsa kusuta, mphuno yake inali itafa, ndipo ankalankhula monong'ona. Anali atapusitsidwa kawiri.

Tsiku lina anandilanda tsache, nandikhazika pampando. Anati akufuna lilime limene silinalawepo fodya. Ndinamuuza kuti ndine Msilamu, sindinasutepo, ndipo kwathu wosuta timamuona ngati munthu wotayika. "Sumeza ayi," ananong'ona m'Chilapalapa chake chothyokathyoka. "Ungosunga m'kamwa, n'kundiuza zimene wapeza." Kenaka anatchula malipiro atsopano. Ndinaganiza za bwato. Ndinayasamula. Tsiku limenelo ndinasanza m'ngalande kuseri kwa sitolo, iye atangoima pakhomo akuseka kopanda mawu.

Koma ndinaphunzira, ndipo ndinene mosabisa, ndinali katswiri. Siga suyamba ndi kuiyatsa. Umayamba waiyang'ana. Yakuda yeniyeni tsamba lake si lakuda ngati khala, ndi lofiirira mozama, lonyezimira mafuta pang'ono, chifukwa linafundikidwa nthawi yaitali mpaka kupsa lokha. Umaipukusa pakati pa zala pafupi ndi khutu: ikalira tsekeretsekere ndiye kuti yauma, ikangoti phwii ndiye kuti yanyowa. Umainunkhiza. Umadula kumutu ndi kampeni kakuthwa, pang'ono pokha. Poyatsa sulowetsa m'moto, umaiwotcha chapatali ukuitembenuza mpaka mkombero wonse utafiira. Ndiye umakoka pang'onopang'ono, kusunga, kutulutsa. Yachinyengo imaluma lilime nthawi yomweyo, imasiya chikuda pamilomo, phulusa lake limagwa lokha. Yabwino phulusa lake ndi lotuwa, lolimba, ndipo imasintha kukoma ukamapita nayo.

Azungu anali ndi mawu awo onenera zimenezi, koma ine ndinkanena mwa kwathu. Iyi ikuyamba ngati mtedza wokazinga, pakati ikubwera ngati nzimbe yowauka, kumapeto kuli tsabola. Iyi ndi fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa. Iyi, bwana, ndi mphasa yonyowa, musagule. Bwana Kosta ankalemba m'kabuku, ndipo a malole aja anayamba kundiopa. Makasitomala akalowa ankafunsa kuti, Lilime wati bwanji? Ndilo linakhala dzina langa, Lilime. Dzina la Twaibu limene anandipatsa bambo anga panalibe wolitchula. Ha, mmene ndinkadzimvera! Ine wokoka khoka la eni, azungu a matayi akudikira mawu anga.

Zinthu sizinaonongeke tsiku limodzi. Ramazani itafika chaka chimenecho, katundu anabwera masana, ndipo Bwana Kosta anati a malole sadikira dzuwa kulowa. Ndinasuta, n'kudziuza kuti tsikulo ndidzabweza. Kenaka anandipatsa kachipinda kuseri kwa sitolo kuti ndizilonderanso, ndipo ku lokeshoni kunatalika. Akwathu aja ena anabwerera kumudzi, ena anasamukira kumigodi. Panalibenso wonditumizira uthenga wa mwezi. M'tauni imeneyo munthu suyang'ana kumwamba, umayang'ana galimoto kuti isakugunde. Ndinkadziwa Lolemba, Loweruka ndi tsiku la malipiro, basi.

Nanga ndalama zija? Ndingathe kunamizira munthu wa ku Namwera amene ndinamupatsira envulopu yonenepa iye n'kukathera nayo ku Tete, ndipo zimenezo zinachitikadi. Koma zambiri ndinadya ndekha. Lilime sakanaima pamaso pa makasitomala ndi malaya ong'ambika, choncho ndinagula suti, nsapato, chipewa. Panalinso mkazi wina wogulitsa zitumbuwa kumsika amene ankandichapira ndi kundiphikira, ndipo sankachita zimenezo mwaulere. Chaka chilichonse ndinkawerenga zotsala n'kuona kuti sizikwana ngakhale nkhafi. Kubwerera wopanda bwato ndinkakuopa kuposa imfa. Ndinkangoona Che Mbwana akusuzumira m'sutikesi mwanga. Makalata anga anayamba kufupika, kenaka kuchedwa, kenaka ndinkangosunga makalata a Abiti Jafali pansi pa pilo osayankha, chifukwa chonama chatsopano chinandithera.

Zaka ziwiri zija zinafika zisanu ndi zinayi. Ndiye kunabwera kalata ya Che Mbwana, yopanda nthabwala ngakhale imodzi. Anati mwana wawo si nkhuni yoti izingouma pakhomo. Anati pali munthu wa mabwato awiri amene wabwera kale katatu kudzafunsira, ndipo iwo atopa kumubweza. Ndikapanda kufika mvula isanagwe, adzakhala pansi ndi ankhoswe popanda ine, ukwati n'kutha, ndipo Halima adzakulira m'manja mwa bambo wina. M'munsi mwake munali mzere umodzi umene mphunzitsi uja analemba kuti ndi mawu a mkazi wanga: "Bwerani ngakhale chimanjamanja."

Ndinawerenga mzere umenewo mpaka pepala kufewa. Mayo ine, ndinalira ngati mwana, nditakhala pa bokosi la masiga. Apo m'pamene ndinadziwa kuti bwato silinalinso kanthu. Ndinkafuna mkazi wanga, ndinkafuna mwana wanga amene sakanandizindikira ngakhale titakumana panjira.

Nkhondo ya ufulu ya m'dzikomo inali itafika pafupi ndi tauni, ndipo Bwana Kosta nayenso anali akumanga katundu kupita kwa ana ake ku Joni. Anandipatsa malipiro omaliza ndi kangachepe pamwamba. Kenaka anatsegula bokosi limene sankalola aliyense kulikhudza, natulutsa siga imodzi yakuda ili m'kachubu ka chitsulo. Anati m'moyo wake wonse sanagulitsepo yoposa imeneyo, ndipo zikumupweteka kuti iye sangailawe. "Usagulitse," ananong'ona. "Udzayatse tsiku lako lalikulu." Ndinaisokerera m'kati mwa jekete.

Ndinagula nsalu zinayi, wailesi, diresi ya Halima imene msinkhu wake ndinangoganizira, ndi kofia ya Che Mbwana. Zonsezi sizinaoloke Zambezi. Pamsewu wa ku Tete lole yathu inaimitsidwa ndi anthu amfuti. Mpaka lero sindidziwa kuti anali a mbali iti, ndipo palibe anafunsa. Anatifoletsa padzuwa, anatsitsa masutikesi onse, anativula nsapato n'kupeza ndalama m'masokosi. Jekete langa analigwiragwira n'kuliponya pansi chifukwa linali litathimbirira ndi fumbi. Ndinafika ku Mangochi patatha masiku asanu ndi limodzi, ndi suti yakuda, nsapato za matayala zimene munthu wina anandichitira chisoni, ndi timakobidi tochepa m'kamwa mwa thumba.

Pa depoti ya basi anandigwira anyamata a chipani. Khadi lili kuti? Tsitsi limeneli ndi la dziko liti? Buluku lotambalala kumiyendo ngati siketi, simukudziwa kuti n'loletsedwa? Anandimeta pomwepo ndi lumo lobuntha, anthu akuonerera, buluku analidula m'munsi ndi sizasi, ndipo tambiri mwa timakobidi tija tinathera pa khadi. Totsala ndinamwera tiyi ndi banzi m'tiyirumu ya mayi wina wa ku Dedza, pamodzi ndi asilikali awiri ndi kalaliki wa ku boma. Kenaka ndinapempha malo pa lole yonyamula matabwa a ku mishoni. Panalibe chimene chinandichenjeza. Kapena chinalipo, ine ndiye ndinalibe maso.

Inali nyengo ya dzuwa loswa mtengo, mitambo itayamba kale kusonkhana kumapiri. Kuchokera pamene lole inanditsitsa ndinayenda wapansi, lilime litauma ngati chikumba. M'mudzi munali zii. Panalibe utsi pakhitchini iliyonse, amuna atagona m'mithunzi, ngakhale akazi osasinja. Ndinaganiza kuti kwagwa njala. Mkazi wina atandizindikira anakuwa, ndipo posakhalitsa anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango pabwalo la Che Mbwana. Iwo anatuluka atakalamba, akuyendera ndodo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Tsitsi langa lometedwa mwa zigambazigamba analiona, buluku lodulidwa analiona, manja anga opanda kanthu anawaona, koma anangondikhazika pamphasa.

Anthu anasonkhana, akulu pamphasa, akazi chapatali m'mbali mwa khoma. Abiti Jafali anali pakati pawo. Anali ataonda, koma anali yemwe uja, ndipo maso athu atakumana anaweramitsa mutu ngati mtsikana. Pambali pake panali mwana wamtali, wa miyendo yanga. Moni anayenda mmodzimmodzi, za ulendo, za nkhondo monong'ona, za amene anamwalira ine kulibe. Ola linatha. Madzi osabwera.

Inu amene munakulira kunyanja mukudziwa kuti mlendo asanafotokoze za ulendo amayamba walandira chikho. Ngakhale wamisala wodutsa amapatsidwa madzi. Ine ndayenda masiku asanu ndi limodzi, milomo yang'ambika, mtsuko ndikuuona uko pakhonde utavundikiridwa ndi mbale, koma palibe akudzuka. Ndinati basi, mlandu anagamula kale anthuwa, andiitanira kudzandinyoza. Moyang'anana nane panakhala bambo wina amene sindinkamudziwa, wa mkanjo woyera bwino ndi wotchi padzanja. Ndinati ndi ameneyu wa mabwato awiri, amubweretsa kuti adzaone mtchona wometedwa ngati mbuzi. Ndinkaona mkazi wanga akundipulumuka m'manja ndili chikhalire.

Che Mbwana anakonza pakhosi. "Akamwini, zaka zisanu ndi zinayi ndi zambiri. Tiuzeni, munkagwira ntchito yanji kumeneko?"

Ndinalibe nsalu, ndinalibe wailesi, ndinalibe ngakhale singano. Chimene ndinali nacho n'chimodzi, ndipo ndinaganiza kuti ngati ili si tsiku lalikulu, lalikulu silidzabweranso. Ndinang'amba ulusi wa m'jekete, ndinatulutsa kachubu kaja, ndinakatsegula pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Ndinati ntchito yanga inali iyi. Ndinati azungu a mumzinda wonse sankagula fodya Twaibu asanalawe. Ndinati kanthu aka kokha mtengo wake ungagule nkhafi ndi zingwe za khoka. Ndinaipukusa pakhutu, ndinainunkhiza, ndinadula kumutu ndi kampeni kamene kanatsalira m'jekete momwemo, ndinakhwatcha machesi. Pabwalo panali chete, ndipo ine chitsiru ndinayesa kuti ndi ulemu.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti Bwana Kosta sananame. Ngakhale ndi pakamwa pouma chonchija, siga imeneyo inali mfumu. Inakoka mofewa ngati mpweya wamba. Utsi wake unali wolemera, wozizira, wosaluma. Inayamba ngati khofi wokazinga wothira shuga wopserera, pansi pake pali kafungo ka chikopa chatsopano, ndipo ukatulutsa umasiya kutsekemera kumbuyo kwa lilime. Phulusa linagwira loyera, losasweka. Kwa kamphindi ndinatsinzina, ndinaiwala lumo la pa depoti ndi mfuti za ku Tete, ndinakhalanso Lilime. Ndinayamba kufotokoza mokweza zimene ndikumva, monga ndinkachitira m'sitolo. Ndinatulutsa utsi wambiri kuti fungo liwafike onse, makamaka bambo wa wotchi uja. Ndinatambasula dzanja kwa Che Mbwana kuti alawe.

Nthawi yomweyo n'kuti Halima atatumidwa ndi amayi ake kuti adzandipatse moni. Anali atafika kale pambali panga, akugwada. Utsi wonse unamuthera kumaso. Anadzuka ngati wapsa, anatseka mphuno ndi pakamwa ndi manja onse awiri, nathamangira kukhoma akulira.

"Amayi, ndameza utsi! Kufunga kwanga kwafa? Amayi, kwafa?"

Ndinayang'ana makhitchini opanda moto. Ndinayang'ana milomo ya anthu onse amene anandizungulira, youma, yotuwa ngati yanga. Ndinayang'ana mtsuko uja. Siga inali ikufukabe pakati pa zala zanga, ndipo sindinadziwe koiika.

Bambo wa wotchi uja ndiye anayamba kulankhula, osati kwa ine koma kwa mwana. Anamuuza mofatsa kuti utsi umene sunaufune suthyola kufunga, apukute misozi. Sanali wa mabwato awiri ayi. Anali mwalimu watsopano wa pamzikiti, amene Che Mbwana anamuitana kuti adzatiyanjanitse ndi kutipempherera.

"Akamwini," anatero Che Mbwana, mawu ali pansi, "uno ndi mwezi wanji?"

Ndinati ndi Ramazani.

"Mwadziwa liti?"

Ndinakwirira siga ija mumchenga, koma fungo linakhalabe pansi pa mtengo, lokoma, lolemera, losachoka.

Che Mbwana anapitiriza, ndipo ndikanakonda akanandilalatira. Anati wapaulendo saumirizidwa kufunga, zimenezo aliyense amadziwa. Anati iwo atandiona ndikubwera ndi milomo yotero anauza akazi kuti anditengere kuseri kwa nyumba akandipatse madzi ndi kaphala. "Amene anakana ndi uyu," anatero akuloza Abiti Jafali ndi ndodo. "Anati, bambo a Halima sangalole, musawachititse manyazi pagulu. Anati munthu ameneyu ngakhale pokoka khoka dzuwa lili pamutu sankathyola." Anaonjeza kuti mwanayo chaka chino ndi choyamba kufunga mwezi wathunthu, palibe anamukakamiza, anati akufuna bambo ake akafika adzamupeze ali wamkulu, adzadye naye futali, chakudya chomasulira dzuwa likalowa.

Ndinagwada. Ine wa mtima wapachala uja ndinagwada pamchenga wotentha, pamaso pa mudzi wonse. Ndinanena za anthu amfuti, za nsalu zinayi, za diresi, za sitolo yopanda munthu wondiuza za mwezi. Ndinati ndifunga miyezi iwiri, itatu, chaka chonse ngati mwalimu atero. Ndinati ndikokanso khoka la aliyense, ndilima munda wa apongozi mpaka manja atuluke magazi, musandilande banja langa. Mwalimu anati khomo la kulapa silitsekedwa. Akulu ena anang'ung'udza movomereza. Che Mbwana anati kwa Mulungu n'zoona silitsekedwa, koma khomo la nyumba ili lili ndi mwini wake. Onse anatembenukira kukhoma kuja.

Abiti Jafali anakhala nthawi yaitali akusisita mutu wa Halima. Polankhula sanayang'ane ine, anayang'ana amjomba ake.

"Mjomba, ndalama zitasiya kubwera ndinati ku Halale kwavuta. Makalata atasiya ndinati olemba asowa. Anthu ankati ali ndi mkazi wina, ine ndinkati bola ali moyo. Chaka chilichonse pa futali ndinkauza mwanayu kuti kumene ali bambo ako nawonso akumasula nthawi yomwe ino, tikudya nawo limodzi. Chimenecho chokha n'chimene ndinalibe nacho chikayiko." Kenaka anakankha mwana paphewa. "Halima, katunge madzi uwapatse alendowa. Ali ndi ludzu."

Alendowa. Palibe anafunsanso kuti wagamula bwanji.

Mwana wanga anapita pamtsuko, anatunga, anabwera atanyamula chikho ndi manja awiri, nagwada patali pang'ono kuti fungo la jekete langa lisamufike. Milomo yake inali yong'ambika kuposa yanga. Anatembenuzira nkhope kumbali kuti asaone madziwo. Ndinalandira. Kukana kukanakhala bodza lina, ndipo mabodza anali atakwana. Ndinamwa ndekha pakati pa anthu oposa makumi atatu, aliyense akumva kulira kwa pakhosi panga.

Anandisunga kwa Che Mbwana mpaka Idi, chikondwerero chotsekera Ramazani, monga amasungira mlendo aliyense, ndipo ndinafunga masiku otsalawo ngakhale panalibe amene anandifunsa. Idi itatha ndinapereka talaka, mawu othetsa ukwati, pamaso pa ankhoswe ndi mwalimu. Mvula inagwa ndili pa bwato la eni ndikuolokera tsidya lino la Nkope, kumene ndakhala mpaka lero. Abiti Jafali anakwatiwa patapita zaka ziwiri. Halima anakula, ali ndi ana ake, ndipo tikakumana kumsika wa ku boma amagwada, amandifunsa za thupi, amandigulira sopo. Amanditcha Che Twaibu.

Zaka zonse zija ku Halale ndinkaopa kubwera wopanda kanthu, ndinkayesa kuti kwathu akudikira katundu. Masiku onse amene ndinakhala pabwalo lija panalibe ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti sutikesi ili kuti. Anali atandisungira malo pamphasa, nkhuku ya futali anali atapha kale, mwalimu anali ataitanidwa. Ndikanangokhala chete ndi ludzu langa maola anayi okha, dzuwa likanalowa ndili ndi mkazi ndi mwana.